Dawa ya amayi imayambira pa khomo la aneba

Pa poloti ya lendi ku Ndirande kapena ku Mbayani pamatha kukhala makomo asanu ndi limodzi, mpopi umodzi, chimbudzi chimodzi ndi chingwe chimodzi choyanikapo zovala. Mwa makomo onsewo, la Msilamu kawirikawiri limakhala limodzi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi 13.8 mwa anthu 100 alionse m'dziko muno, ndipo ambiri a iwo ali ku Mangochi, Machinga ndi Balaka. Mu Blantyre muno mayi wa Chisilamu amadzuka pakati pa amayi a Mvano, a Dorika, a Katolika ndi a mipingo ya pente. Anzakewa sadzapita ku mzikiti kukamva khutuba, ulaliki wa Lachisanu, ndipo ndi ochepa amene angatsegule Radio Islam mwadala. Chisilamu chimene amachidziwa n'chimene amachiona pa mpopi m'mamawa: kalankhulidwe ka mayiyo, mmene amabwezera ngongole ya makala, ndiponso ngati amatulukira mwana wa mnzake akadwala usiku.

Mawu akuti dawa ndi a Chiarabu, tanthauzo lake n'kuitana. Kuno kwathu anasanduka dzina la magulu a amayi, moti ukangoti "amayi a dawa" anthu amaona yunifolomu, nyimbo ndi misonkhano ikuluikulu. Magulu amenewa agwira ntchito yaikulu ndipo si oti n'kuwapeputsa. Vuto limabwera mayi akayamba kuyesa kuti dawa ndi tsiku lija amavala yunifolomu basi, masiku ena onse n'kumadutsana ndi wa khomo loyandikana nalo osapatsana ndi moni womwe.

Neba ndi ndani

Mu Qur'an, Surah An-Nisa, ndime 36, imatchula anthu oyenera kuwachitira zabwino, ndipo m'gulumo muli neba wapafupi ndi neba wapatali. Ndimeyi sinafunse kuti nebayo amapemphera kuti. Ma ulama, akatswiri a chipembedzo, amagawa chonchi: neba wosakhala Msilamu ali ndi haki (choyenera kumuchitira) imodzi, ya uneba, neba Msilamu ali ndi ziwiri, amene ndi Msilamu komanso m'bale ali ndi zitatu. Palibe neba wopanda haki. Ena mwa ma ulama akale ankawerenga nyumba 40 mbali iliyonse, zomwe ku Bangwe kapena ku Chirimba zingakhale khamu la anthu loti mayi mmodzi sangalikwanitse. Mayi Aisha, mkazi wa Mtumiki Muhammad (SAW), anafunsapo Mtumikiyo kuti ali ndi aneba awiri, apatse uti, ndipo anawayankha kuti apatse amene khomo lake layandikira kwambiri. Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Wapafupiyo ndi amene ana ake amamva kununkhira kwa ndiwo zanu, ndipo ndi amene angayambe kufika mbaula itayatsa katani usiku.

Haki yoyamba ya neba si mphatso ayi, koma kusamuvutitsa. Madzi ochapira matewera asathiridwe poti ayenderere ku khomo lake. Tsiku lanu lotsuka chimbudzi lisadutse. Nkhani yomwe mwamva kudzera pa khoma lopyapyala la nyumba za lendi ithere m'makutu mwanu. Pali hadith (nkhani ya zonena ndi zochita za Mtumiki) ya mayi wina amene anatchulidwa pamaso pa Mtumiki kuti amaswali usiku, amafunga (kusala kudya) masana ndiponso amapereka sadaka, koma amapweteka aneba ndi lilime lake. Mtumiki ananena kuti mayi ameneyo ndi wa ku moto. Amayi ambiri amaidziwa hadithyi, koma miseche ya pa kiyosiki ya madzi siioneka ngati tchimo kwa woinenayo, imaoneka ngati kucheza podikira ndowa kuti idzaze.

Mbale yopita ndi mbale yobwera

Mtumiki analangiza wotsatira wake Abu Dharr kuti akamaphika msuzi azionjezera madzi kuti agawireko aneba. Kwa amayi analankhula mwachindunji kuti mayi asapeputse mphatso yopita kwa neba wake ngakhale itakhala chiboda cha nkhosa. Malangizo awiriwa ndi a munthu wosauka. Sanena kuti dikirani mulemere. Kambale ka nyemba, chigwada chotendera, futali wa mbatata madzulo a Ramadan, zonsezi n'zokwanira. Perekani chakudya chimene inunso mukudya, chovundikira bwino, ndipo chikhale cha lero, osati chimene chatsala pang'ono kusasa.

Polandira mpamene amayi ambiri amaphonya. Neba wa Chikhristu akabweretsa mbale, ena amakana chilichonse poopa haramu, ndipo nebayo amabwerera akuganiza kuti mumanyansidwa naye. Nsima, masamba, nyemba, usipa, mazira, thobwa la lero losasasa, palibe choletsa. Funso limakhala pa nyama basi, ndipo ndi bwino kulifotokoza tsiku lopanda mbale m'manja, pocheza, kuti nyama ya nkhumba ndi mowa simukhudza, ndipo nkhuku kapena mbuzi imafunika yochinjidwa. Amalawi ambiri amazidziwa kale zimenezi, n'chifukwa chake pa ukwati kapena pa maliro amaitana Msilamu kuti adzachinje mbuzi kuti onse adye. Za mapoto nazo zimadanitsa anthu. Asilamu ambiri a kuno amatsata madhhabu (njira yomasulira malamulo a Chisilamu) a Shafi'i, omwe amati chiwiya chokhudzidwa ndi nkhumba kapena galu chitsukidwe kasanu ndi kawiri, kamodzi mwa maulendowo ndi dothi. M'malo mokana kubwereketsa, khalani ndi poto mmodzi wobwereketsa, ndipo akabwerako mumutsuke mwakachetechete, osati pabwalo mwiniwake wa ndiwo akuona.

Pa Eid ya nsembe nyama imagawidwa patatu mwa chizolowezi: ya pakhomo, ya abale ndi anzanu, ndi ya osauka. Ma ulama amasiyana pa nkhani yopatsa wosakhala Msilamu nyama ya nsembeyi, ambiri amalola, ena a Shafi'i amaumitsa, choncho funsani ashehe a mzikiti wanu tsiku lisanafike. Pa nyama wamba palibe mkangano. Swahaba (mnzake wa Mtumiki) Abdullah ibn Amr atamuphera nkhosa kunyumba kwake anafunsa mobwereza ngati neba wawo wa Chiyuda apatsidwako.

Zakaat, sadaka ndi thumba la gulu

Ndalama n'zimene zimapasula magulu a amayi, ndipo kawirikawiri chiyambi chake si kuba koma kusakaniza mitundu ya zopereka. Zakaat, chopereka chokakamizidwa pa Msilamu wachuma, ili ndi malire ake. Ndi 2.5 pa 100 iliyonse ya chuma chimene chafika pa nisabu, mlingo woyambira kupereka, n'kukhala chaka chathunthu chowerengera mwezi. Nisabu amaiyeza ndi magalamu 85 a golide kapena 595 a siliva, ndipo a madhhabu a Hanafi amawerenga okwererako pang'ono. Poti kwacha siikhazikika (mu November 2023 inagwetsedwa ndi 44 pa 100 tsiku limodzi), chiwerengero cha chaka chatha musachidalire, funsani chatsopano ku mzikiti kapena ku Islamic Zakaat Fund. Mayi wa geni ya kaunjika mu Limbe amawerengera ndalama zomwe ali nazo pamodzi ndi mtengo wa katundu wogulitsa. Zikakwana K2,000,000, ndipo ngati zapitirira nisabu ya chaka chimenecho, zakaat yake ndi K50,000. Olandira ndi magulu asanu ndi atatu otchulidwa mu Surah At-Tawbah, ndime 60. Simungapatse makolo anu kapena ana anu omwe ndi udindo wanu kale, ndipo ma ulama ambiri amati osauka olandira zakaat akhale Asilamu.

Zakaatul fitr, ya kumapeto kwa Ramadan, ndi ina. Imaperekedwa pa mutu uliwonse wa m'nyumba, ngakhale khanda, pafupifupi makilogalamu awiri ndi theka mpaka atatu a chakudya chodalirika cha m'deralo, monga chimanga kapena mpunga. Banja la anthu asanu ndi mmodzi lipereka makilogalamu 15 mpaka 18. Iyenera kufika kwa wosauka swala ya Eid isanachitike, ndiye gulu lomwe lasonkhanitsa matumba n'kukagawa mawa lake laphonya nthawi yake.

Sadaka ndi imene ilibe mpanda. Imapita kwa aliyense, Msilamu ndi wosakhala Msilamu, nthawi iliyonse. Choncho gulu lofuna kuthandiza aneba onse likhale ndi matumba awiri olembedwa pa masamba osiyana m'kaundula, la zakaat ndi la sadaka. Wosunga ndalama asakhale yemweyo wolemba. Ngati ndalama zili pa Airtel Money kapena Mpamba, uthenga uliwonse wolowa ndi wotuluka ukopedwe m'buku tsiku lomwelo, ndipo buku liwerengedwe mokweza pa msonkhano mwezi uliwonse, koma mayina a olandira asatchulidwe. Pokongozana, kumbukirani kuti banki mkhonde yambiri imayendera chiwongoladzanja, chomwe ndi riba, yoletsedwa m'Chisilamu. Chipereganyu chilibe vuto limeneli chifukwa aliyense amalandira zimene anasonkha, ndipo ngongole yobweza ndendende mmene munatengera ndi imene Chisilamu chimayamikira.

Thandizo lisakhale nyambo

Makolo anati kupatsa n'kuika. Mwambiwu ndi woona pakati pa anthu, koma Qur'an imakankhira patsogolo: mu Surah Al-Insan anthu abwino akamadyetsa wosauka amati sakufuna malipiro kapena kuthokozedwa. Surah Al-Baqarah, ndime 264, imachenjeza kuti kukumbutsa ndi kunyoza wolandira kumafafaniza sadaka, ndipo ndime 256 imati m'chipembedzo mulibe kukakamiza. Munthu wanjala amene wauzidwa, kaya ndi mawu kaya ndi maso, kuti thumba la ufa lidzabwera akayamba kuvala hijabu, wakakamizidwa ngakhale palibe wamugwira pakhosi.

Zotsatira zake zimadziwika. Wolowa chifukwa cha ufa amatuluka ufa ukatha. Aneba ena amayamba kukayikira mbale iliyonse yochokera kwanu, ngakhale yoperekedwa ndi mtima umodzi. Asilamu osauka a pa mzikiti pomwepo amadandaula kuti obwera dzulo ndi amene akudya. Ena anganene kuti pa magulu asanu ndi atatu aja pali la anthu ofewetsedwa mitima. Lilipodi, koma kugamula kuti ndani alowe m'gulu limenelo ndi ntchito ya atsogoleri odziwa malamulo, osati ya mayi aliyense ndi neba wake. Kwa inu njira yowongoka ndi kulekanitsa nthawi. Tsiku lopereka ufa perekani ufa, funsani za ana, bwererani. Za chipembedzo zidzabwera tsiku limene mwiniwake adzafunse.

Chimodzimodzi pa ana. Madrasa yophika phala imakoka ana a m'mudzi monse, makamaka miyezi ya January mpaka March pamene chimanga chakwera mtengo. Mwana wa neba adye phala, koma asakhale pa mkeka wa maphunziro makolo ake asanavomere ndi pakamwa pawo. Ndipo zithunzi. Kujambula gogo atanyamula kathumba ka shuga n'kuponya pa WhatsApp kwafala kwambiri moti kwayamba kuoneka ngati mbali ya sadaka. Ngati opereka ndalama akufuna umboni, jambulani katundu ndi malisiti.

M'mwezi wa March 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, anthu anathawira m'masukulu mosayang'ana mpingo. Pa ngozi yotere cholakwika chosavuta kuchita n'kugawa potsata kaundula wa mzikiti yekha. Yendani ndi amfumu kapena atsogoleri a m'dera omwe ali ndi mayina a onse. Amayi amadziwanso zimene abambo ogawa katundu amaiwala: zitenje, zovala zamkati, mapadi, sopo, ndowa yokhala ndi chivundikiro.

Pa matenda

Kusamala odwala si ntchito yachilendo kwa amayi a Chisilamu. M'nthawi ya Mtumiki, mayi Rufaida anali ndi hema wake pa mzikiti wa ku Madina momwe ankasamalira ovulala, ndipo Sa'd ibn Mu'adh atalasidwa pa nkhondo ya Khandaq anagonekedwa mmenemo. Kuzonda wodwala kuli ndi mwambo wake: odirani, khalani pang'ono, musafunse dzina la matenda ngati mwiniwake sanalitchule. Ngati wodwalayo si Msilamu, pemphani kaye, "Amayi, ndingakupempherereni?" Ochuluka amavomera. Wokana musamuumirize, mukamuchitire dua (pemphero) kwanu.

Wodwala akagonekedwa ku Queens, amene amatopa kwambiri ndi gadiyani. Amagona pansi, amaphika pa moto wobwerekana, ndipo kunyumba wasiya ana. Gulu la amayi anayi likhoza kugawana chonchi: wina kukalandira gadiyani masana amodzi kuti akasambe ndi kugona, wina kuona kuti ana a kunyumba adya ndipo apita kusukulu, wina kutumiza ufa, makala ndi sopo. Zimenezi zimaposa kulowa mu wodi anthu khumi nthawi imodzi. Wodwala wosatha kudzuka amene ali kunyumba atembenuzidwe maola awiri alionse, ndipo pogona pakhale pouma, apo ayi m'chiuno ndi ku zidendene kumabuka zilonda zovuta kupola.

Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu January 2023 sukulu za mu Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha iyo. Mayi aliyense wa dawa ayenera kudziwa kusungunula Thanzi: paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira mankhwala. Paketi ikasowa, lita imodzi ya madzi, masipuni a tiyi 6 a shuga osadzaza mulu, ndi theka la sipuni ya tiyi ya mchere. Mchere ukachuluka umaonjezera vuto, makamaka kwa mwana, choncho lawani, asawawe kuposa misozi. Zotsala zitayidwe pakatha maola 24. Wodwala azimwa pang'onopang'ono ali pa ulendo wa kuchipatala, osati m'malo mwa ulendowo. Madzi akumwa athiridwe WaterGuard kapena klorini wa alangizi a zaumoyo motsata muyezo wake, n'kudikira mphindi 30. Izi zikukhudzanso futali wa pa mzikiti, chakudya chomasulira kusala m'Ramadan. Kalendala ya Chisilamu imabwerera m'mbuyo masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse, Ramadan ya 2025 inali mu March, ndiye zaka zino ikugwa m'dzinja, nyengo imene kolera imafala. Kusamba m'manja m'beseni limodzi anthu makumi awiri kulekeke, wina azithirira anzake ndi jagi, sopo ali pomwepo.

Dua ndi mankhwala sizilimbana. Musauze munthu wa ma ARV, wa TB, wa shuga kapena wa BP kuti asiye mankhwala, kapena kuti asinthe nthawi yomwera chifukwa cha swaumu (kusala kudya) asanaonane ndi achipatala. Surah Al-Baqarah, ndime 184 ndi 185, inapereka kale chilolezo kwa wodwala kuti adzabweze masiku ena. Ndipo ngati neba wakuululirani kuti ali ndi kachilombo, imeneyo ndi amana, chinsinsi chimene wakusungitsani. Si nkhani yokapereka ku gulu ngakhale mwa dzina loti "timupempherere".

Pa maliro mpamene anthu amaonera

Maliro a Chisilamu amafulumira, ndipo kusambitsa kumachitika mobisika, n'chifukwa chake m'makwalalamu mumayenda mphekesera yoti Asilamu amachotsa zam'mimba za womwalira. Amayi osambitsa ndi amene angathetse bodzali pofotokoza zimene zimachitikadi. Mtembo wa mayi umasambitsidwa ndi amayi, atatu amakwana. Thupi limakhala lofunditsidwa nsalu nthawi yonse. Mimba imasisitidwa pang'onopang'ono kuti zotsalira zituluke, palibe mpeni kapena kung'amba kulikonse. Wosambitsa amavala magolovesi kapena kukulunga nsalu kudzanja, amatawasitsa, amachititsa udhu (kusamba ziwalo kwa pokaswali), kenako amasambitsa mutu, mbali ya kumanja, n'kumalizira ya kumanzere, katatu kapena kasanu, ndipo madzi omaliza amathiramo kafuru, mankhwala onunkhira. Tsitsi limalukidwa mizere itatu n'kuikidwa kumbuyo. Umu ndi mmene Ummu Atiyya anafotokozera za kusambitsa mwana wamkazi wa Mtumiki. Sanda ya mayi ndi nsalu zisanu, ya bambo zitatu. Zimene wosambitsa waona pa thupi la womwalira sazinena kwa wina aliyense. Ngati imfayo ndi ya kolera, mtembo musaugwire kunyumba, achipatala ndiwo amaukonza, ndipo ashehe adzanena choyenera kuchita m'malo mwa kusambitsa kwa masiku onse.

Ja'far ibn Abi Talib, m'bale wa Mtumiki, ataphedwa ku nkhondo, Mtumiki analamula kuti anthu aphikire banja lake chifukwa lagwidwa ndi zowatangwanitsa. Ndiye kuti chakudya chimayenera kulowa m'nyumba ya ofedwa kuchokera kwa aneba, osati namfedwa kukongola kuti adyetse khamu. Za sadaka ya masiku atatu, asanu ndi awiri kapena 40, komanso za zikiri (kutchula Mulungu mokweza pagulu) pa maliro, magulu a Asilamu a Qadiriya ndi a Sukuti akhala akusiyana kwa zaka zambiri, ndipo pa siwa si pamalo pothetsera mkanganowo. Chimene onse angagwirizane n'chakuti chuma cha ana amasiye chisathere m'miphika.

Maliro akagwa kwa neba wa Chikhristu, pitani. Tungani madzi, sonkhani ufa ndi nkhuni, khalani pa moto, gonani pa siwa ngati kwanu kulola, perekani chipepeso. Nthawi ya mapemphero awo khalani chete mwaulemu, simukukakamizidwa kuimba kapena kunena zimene simukhulupirira. Jeneza (maliro) ya Myuda itadutsa, Mtumiki anaimirira, ndipo atauzidwa kuti ndi Myuda anafunsa ngati si mzimu wa munthu. Mnzako akapsa ndevu m'zimire. Mayi amene saoneka pa maliro a anzake asadabwe tsiku lake likadzafika pabwalo pali mbee.

Anthu akabalalika, wamasiye amatsala ndi eda, nthawi yodikira asanakwatiwenso, ya miyezi inayi ndi masiku khumi, kapena mpaka atabereka ngati ali woyembekezera. Amakhala m'nyumba ya banja lake, koma amaloledwa kutuluka pa zofunika monga chipatala kapena geni yomwe ana amadyera. Apa mpamene lendi imamupeza, ndipo apa mpamene thumba la gulu limafunika kuposa tsiku la maliro. Miyambo ya kulowa kufa kapena kusasa fumbi si ya Chisilamu. Kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu pansi pa lamulo la chuma cha masiye la 2011, ndipo mayi wolandidwa aperekezedwe kwa DC kapena ku polisi.

Akafunsa

Munthu amene wadya nanu, walira nanu, tsiku lina adzafunsa. Mafunso ake amakhala omwewo: Yesu mumamuona bwanji, n'chifukwa chiyani mumafunda kumutu, mitala bwanji, amayi bwanji sapita kumanda. Surah An-Nahl, ndime 125, imati kuitana kukhale kwa nzeru ndi ulaliki wabwino, ndipo Surah Al-An'am, ndime 108, imaletsa kutukwana zimene ena amapembedza. Yambirani pamene mukugwirizana. Akhristu ambiri sadziwa kuti mu Qur'an muli surah yathunthu, ya nambala 19, yotchedwa ndi dzina la Mariya, kapena kuti Msilamu amakhulupirira kuti Yesu anabadwa kwa namwali. Pamene mukusiyana nenani mosabisa, kuti kwa inu Yesu ndi mneneri wolemekezeka osati Mulungu, koma nenani kamodzi, mofatsa, osafuna kupambana. Yankho likhale lalifupi ngati funso. Wofunsa za hijabu sanapemphe ulaliki wa ola lathunthu.

"Sindikudziwa, ndikafunsa" ndi yankho la munthu wophunzira. Hadith yongoimva pa WhatsApp musaifalitse musanaitsimikize, chifukwa kumunamizira Mtumiki ndi tchimo lalikulu. Amayi a ku Madina anapempha Mtumiki kuti awapatulire tsiku lawolawo la maphunziro, ndipo anawapatsa. Gulu lomwe limakumana sabata iliyonse lipatule theka la nthawi kuwerenga Qur'an ndi tanthauzo lake, popeza inamasuliridwa m'Chichewa ndi m'Chiyao, osati kuthera nthawi yonse pa zosonkha za yunifolomu. Mikangano ikuluikulu ya zipembedzo ili ndi mabwalo ake. Nkhani ya hijabu m'sukulu za mipingo, mwachitsanzo, inakambidwa kudzera ku Public Affairs Committee mpaka mgwirizano unasainidwa mu 2021. Pa mpopi si pofunika kuiyambanso.

Pocheza chonchi mudzamvanso zowawa: mayi womenyedwa, mtsikana wogwiriridwa, mwana wa zaka 15 amene akufuna kumukwatitsa. Kuuza womenyedwa kuti "pirirani, sabr" n'kumubweza komweko si dawa. Ankhoswe ndi ashehe ali ndi gawo lawo pa kusamvana kwa m'banja, koma pakakhala mabala kapena mwana wachitidwa nkhanza, njira ndi chipatala ndi Victim Support Unit ya polisi, ndipo nambala ya 116 ndi yaulere pa nkhani za ana. Kuchokera mu 2017 malamulo a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18.

Wina akanena yekha kuti akufuna kulowa Chisilamu, funsani modekha chimene chamukoka, ndipo amve tanthauzo la shahada, mawu ovomereza chikhulupiriro, m'chinenero chake asanaitchule m'Chiarabu. Ngati ali pabanja ndi mwamuna wosakhala Msilamu, pali malamulo okhudza ukwatiwo omwe ayenera kuwamva kwa shehe wodziwa, osati kwa gulu la amayi aliyense akunena zake. Akatamula shahada amasamba thupi lonse. Dzina sakakamizidwa kusintha pokhapokha ngati tanthauzo lake ndi loipa. Abale ake sawataya: Asma bint Abi Bakr atafunsa za mayi ake omwe sanali Msilamu, anauzidwa kuti apitirize ubale. Maphunziro ayambe ndi udhu, Surah Al-Fatiha ndi swala zisanu, zomwe ndi maraka (magawo a swala) awiri m'bandakucha, anayi masana, anayi chakumadzulo, atatu dzuwa litalowa ndi anayi usiku. Zina zonse zibwere pang'onopang'ono. Amene amamuunjikira malamulo a zovala, mapoto ndi nyimbo sabata yoyamba amamuthawitsa.

Tsiku la shahada amayi amadzaza, takbir imamveka, ena amabweretsa mipango. Pakatha miyezi itatu n'kupeza palibe amene akumuyendera, kwawo akumunena, ndipo Fatiha yamukanika pa ndime yachinayi koma akuchita manyazi kufunsa. Gulu lisankhe mayi mmodzi wokhala naye pafupi, woti aziswali naye kawiri kapena katatu pa sabata kwa chaka chathunthu, amudzutse pa daku, chakudya cha kusanache, m'Ramadan yake yoyamba, ndipo pa Eid amutengere kunyumba kwake, chifukwa kwawo kwa mayiyo tsikulo kulibe amene waphika mpunga.